Miyezi itatu imene ndinataya chifukwa chosayamba ndafunsa molekyu yanga

Mwana wanga wamkazi, yemwe ali Sitandade 3, anafika pakhomo masana ena nkhope ili yokwinya, ndipo asanaike n'komwe chikwama pansi anati, "Ababa, mankhwala atimwetsa lerowa ndi owawa kwambiri, komanso ndi aakulu ngati mwala." Linali tsiku lomwetsa ana asukulu mankhwala a likodzo, nthenda imene ife a kuno ku Mangochi timaidziwa bwino chifukwa ana athu amasamba, amachapa ndiponso amasewera m'madzi a nyanja ndi a mtsinje wa Shire. Mankhwalawo ndi praziquantel, ndipo piritsi limodzi limakhala la mamiligalamu 600. Ndinamuyamikira kuti anameza osalavula, popeza likodzo likakhalitsa m'thupi limawononga chikhodzodzo, koma iye anafunsanso kuti, "Nanga bwanji sanapange ang'onoang'ono?"

Ndinamugwira manja n'kuwagunditsa zikhato. Ndinamuonetsa kuti dzanja lamanja ndi lamanzere ali ndi zala zofanana, zolumikizana mofanana, koma ukaika lina pamwamba pa linzake onse ataloza pansi, zala zazikulu zimaloza kosiyana. Molekyu ya praziquantel, kagawo kakang'ono kwambiri ka mankhwalawa, ilinso choncho. Theka la piritsi ndi dzanja limene akatswiri amalitcha R, ndipo ndilo limapha nyongolotsi za likodzo, pamene theka linalo ndi dzanja la S, limene ntchito yake pa nyongolotsi ndi yochepa koma limaonjezera kuwawa ndi kukula kwa piritsi. N'chifukwa chake anapanga arpraziquantel, wa dzanja la R lokha, amene bungwe la European Medicines Agency linamuvomereza mu Disembala 2023 kuti ndi woyenera ana aang'ono osayamba sukulu. Mwanayo anakhutira n'kupita kukasewera, koma ine ndinatsala pakhonde ndikukumbukira nthawi imene nkhani ya manja a mamolekyu inandigwiritsa njakata mu labotale, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndilembe kuti achinyamata amene akupita kukazama pa maphunziro a kemisitiri asadzagwe m'dzenje limene ndinagwamo.

Ndine mphunzitsi wa kemisitiri pa sekondale ina m'boma lino. Zaka zingapo zapitazo ndinapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri kunja kwa dziko lino, ndipo gawo langa linali la asymmetric synthesis, ndiko kuti luso lopanga molekyu ya dzanja limodzi lokha m'malo mwa manja onse awiri osakanikirana. Gwero la manjawa nthawi zambiri ndi atomu ya kaboni imene yagwira zinthu zinayi zosiyana. Zinthu zinayizo zingathe kukhala pa kaboniyo m'njira ziwiri, ndipo njira ina imaoneka ngati chithunzi cha inzake mu kalilole. Mamolekyu awiri oterewa amatchedwa ma enantiomer. Amasungunuka pa kutentha kofanana, amawira pa kutentha kofanana, ndipo ukagwiritsa ntchito mankhwala wamba opanda dzanja powapanga, umapeza theka ili ndi theka ilo, chifukwa palibe chimene chikukondera mbali imodzi. Louis Pasteur ndiye anayamba kulekanitsa manja awiriwa mu 1848, potola m'modzim'modzi timiyala ta mchere wa tartaric acid, asidi yemweyo amene amachititsa kuti bwemba wathu akhale wowawasa.

Kuti upeze dzanja limodzi, uyenera kulowetsamo chinthu chimene chili kale ndi dzanja. Chinthucho chikakhala mankhwala amene ukuthira kuti asinthe molekyu yako, chimatchedwa chiral reagent. Zambiri mwa izi zimachokera ku zomera, poti chilengedwe chimapanga dzanja limodzi mosavuta. Herbert C. Brown anapanga ma reagent a boron kuchokera ku alpha-pinene, mafuta onunkhira opezeka mu utomoni wa mitengo ya paini ngati imene timaiona ku Zomba ndi ku Chikangawa, ndipo ubwino wake ndi wakuti pinene amapezeka wa manja onse awiri. Mu 1980 K. Barry Sharpless ndi Tsutomu Katsuki anaonetsa kuti diethyl tartrate (wochokera ku tartaric acid uja), titanium ndi tert-butyl hydroperoxide zikaphatikizana zimaika okosijeni mbali imodzi yokha ya molekyu ya mtundu wotchedwa allylic alcohol, ndipo ukasintha dzanja la tartrate okosijeniyo amapita mbali inayo. Zonsezi ndinazidziwa bwino ndisanalowe mu labotale, moti ndinakhoza mayeso ake popanda vuto. Chimene sindinachiganizire mokwanira ndi ichi: nanga molekyu imene ukufuna kuisinthayo ikakhala kuti nayonso ili kale ndi dzanja lake, chimachitika n'chiyani manja awiriwa akakumana?

Ntchito imene anandipatsa inali yolumikiza gulu la allyl, kachidutswa ka makaboni atatu, ku molekyu ina ya mtundu wotchedwa aldehyde imene ndinali nditaipanga ndekha podutsa masitepe asanu ndi limodzi. Aldehyde imeneyo inali kale ndi kaboni ya dzanja pafupi penipeni ndi malo osinthidwawo. Allyl akalowa, pamabadwa kaboni ina yatsopano ya dzanja, ndipo ife tinkafuna mbali imodzi yokha ya kaboni yatsopanoyo. Popeza dzanja lakale lija silisintha, zinthu ziwiri zimene zingatuluke sizikhalanso chithunzi cha mu kalilole cha china ndi chinzake, koma zimakhala ma diastereomer, amene amasiyana makhalidwe ndipo amaoneka padera pa makina a NMR, amene amaonetsa kapangidwe ka molekyu ngati nsonga pa pepala. Ndinasankha reagent ya Brown ya allyl, ndinawerenga m'mabuku kuti ndi dzanja liti limene limapereka mbali imene ndinkaifuna, ndipo ndinayamba ndaiyesa pa aldehyde wamba yopanda dzanja. Inachita bwino, pafupifupi magawo 20 a dzanja lofunika pa gawo limodzi la losafunika. Mtima unakhala m'malo, ndipo ndinaganiza kuti pomatha milungu iwiri ndikhala nditadutsa sitepe imeneyi.

Ndikukumbukira bwino m'mawa umene ndinathira koyamba pa aldehyde yanga yeniyeni. Flask, botolo lagalasi losakanizira mankhwala, ndinaiumitsa mu uvuni usiku wonse, ndinaidzaza mpweya wa nayitirojeni, n'kuimiza m'mbale ya dry ice ndi acetone imene imatsitsa kuzizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro. Utsi woyera unkasefukira m'mbalemo n'kumayenderera patebulo ngati nkhungu ya m'mamawa pa nyanja ya Malombe, ndipo ine ndinkadontheza aldehyde ndi sirinji dontho limodzilimodzi m'mbali mwa galasi kuti izizire isanafike pansi. Madzulo a tsiku lotsatira ndinatenga pepala la NMR. M'malo mwa nsonga imodzi yaitali ndi kena kakang'ono pambali pake, ndinaona nsonga ziwiri zooneka bwino, ina yoposa inzake katatu kokha. Magawo atatu pa gawo limodzi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Mumtima mwanga ndinali nditagamula kale kuti reagent ndi yabwino, choncho vuto liyenera kukhala manja anga kapena zipangizo. Ndinaganiza kuti mwalowa chinyezi, ndiye ndinaumitsanso ether amene ndinkasungunuliramo mankhwala n'kubwereza. Ndinaganiza kuti mbale inatenthera pakati pa ntchito, ndiye ndinakhala pambali pake maola anayi ndikuthiramo dry ice, maso ali pa thermometer. Ndinaganiza kuti botolo la reagent lakalamba, ndiye tinaitanitsa latsopano n'kudikira milungu itatu kuti lifike. Ndinasefa mchere wa magnesium, ndinachepetsa liwiro lodonthezera, ndinasintha kuchuluka kwa reagent. Ulendo uliwonse aldehyde yanga imene ndinaivutikira inkatha, ndipo ndinkabwerera kumayambiriro kukaipanganso. Zotsatira zinkangozungulira pomwepo, atatu pa mmodzi, nthawi zina anayi pa mmodzi. Ndinkachita manyazi kukauza mayi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, poganiza kuti adzati mphunzitsi wochokera kumudziyu sadziwa kugwira ntchito ya mu labotale. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinalidya kwa miyezi pafupifupi itatu.

Nditatopa ndinatenga kope langa n'kukawaonetsa. Anatembenuza masamba mwakachetechete, kenako anandifunsa funso limodzi: "Kodi aldehyde yanuyi, mukaipatsa allyl wopanda dzanja, payokha imasankha mbali iti?" Ndinasowa choyankha chifukwa sindinayesepo. Anatsegula kabati n'kundipatsa nkhani yosindikizidwa imene Satoru Masamune wa ku yunivesite ya MIT ku America analemba ndi anzake atatu mu magazini ya Angewandte Chemie mu 1985, n'kundiuza kuti ndisakhudzenso flask ndisanaimalize kuwerenga. Mlungu womwewo ndinalandira uthenga wakuti mayi anga adwala kwambiri, choncho ndinanyamula mapepalawo m'chikwama n'kubwerera kuno ku Mangochi. Inali miyezi yozizira, mphepo ya mwera ikuomba. Masana ndinkakhala ndi odwala, usiku ndinkawerenga pa kanyale ka sola, pensulo ili m'manja.

Mfundo ya Masamune ndi yosavuta kuinena, ngakhale kuti ine inanditengera masiku kuti ikhazikike m'mutu. Molekyu imene ili kale ndi dzanja, imene timaitcha substrate, imakhala ndi mbali imene imaikonda ngakhale popanda woikakamiza. Reagent ya dzanja nayonso ili ndi mbali imene imaikonda. Zikakumana, pali njira ziwiri. Zonse zikakonda mbali imodzi, zimatchedwa matched pair, awiri ogwirizana, ndipo kusankhako kumakula kwambiri. Zikakonda mbali zosiyana, zimatchedwa mismatched pair, awiri okanirana, ndipo wamphamvu amapambana koma atafooketsedwa ndi mnzakeyo. Clayton Heathcock wa ku yunivesite ya Berkeley ku America anali atatchula kale zimenezi kuti double stereodifferentiation mu 1979, pamene Masamune ankazitcha double asymmetric synthesis, koma nkhani yake ndi imodzi. Chimene chinandidzidzimutsa ndi masamu ake. Ngati substrate payokha imasankha magawo a pa gawo limodzi, ndipo reagent payokha imasankha magawo b pa gawo limodzi, awiri ogwirizana amapereka pafupifupi a kuchulukitsa ndi b, pamene awiri okanirana amapereka pafupifupi chachikulu kugawa ndi chaching'ono.

Ndinalemba manambala anga pa chikuto cha kope. Reagent yanga inali ya 20. Ndinkapeza 3. Ndiye kuti 20 ankagawidwa ndi nambala ina yoyandikira 6 kapena 7. Ndinaika pensulo pansi, chifukwa ndinazindikira kuti miyezi yonse ija flask inkandiuza zoona tsiku ndi tsiku, ine ndi amene sindinkamva. Munalibe chinyezi, ndipo botolo silinakalambe. Aldehyde yanga inkakokera kwake, reagent inkakokera kwake.

Chimene chinanditsalira chinali kumvetsa chifukwa chake timachulukitsa ndi kugawa m'malo mophatikiza ndi kuchotsera. M'mawa wina ndinaperekeza amalume anga, omwe ndi msodzi, pa bwato kukaona maukonde mu Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Madzi a mtsinjewu amachoka m'nyanja ya Malawi kulowera kumwera ku Malombe, ndipo popita tinkatsika nawo, amalume akungogwetsa nkhafi mwa apo ndi apo. Pobwerera zinasintha. Anandipatsa nkhafi ina n'kunena kuti, "Palasa mwana wanga, osapuma, ukangoleka madziwa atibweza kumene tachoka." Ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi mkono wanu umachepa mphamvu pokwera?" Anayankha kuti, "Mkono ndi womwewo. Potsika madzi amandionjezera, pokwera amandilanda." Mawu amenewa ndimawagwiritsabe ntchito pophunzitsa, koma ndiyenera kuchenjeza kuti fanizoli lili ndi malire ake. Pa mtsinje chimene chimaphatikizana kapena kuchotserana ndi liwiro, pamene mu flask chimene chimaphatikizana kapena kuchotserana ndi mphamvu.

Kuti molekyu isinthe iyenera kukwera chitunda cha mphamvu, ndipo pamwamba pa chitundacho ndi pamene timati transition state. Pali zitunda ziwiri, china chopita ku diastereomer iyi, china chopita ku inayo, ndipo mamolekyu ambiri amadzera chachifupi. Substrate imafupikitsa chitunda chimodzi ndi muyezo wakutiwakuti, reagent nayo imafupikitsa chimodzi ndi muyezo wake. Zikafupikitsa chitunda chomwecho, miyezo iwiriyo imaphatikizana, ndipo zikafupikitsa zitunda zosiyana, miyezoyo imachotserana. Koma kuchuluka kwa zotuluka sikukula molingana ndi kusiyana kwa zitunda, kumakula mochulukitsa. Pa kutentha kwa madigiri 25, kusiyana kwa pafupifupi 1.4 kcal pa mole (muyezo wa mphamvu) kumapereka 10 pa 1, ndipo kusiyana kowirikiza kawiri, pafupifupi 2.7, sikupereka 20 pa 1 koma 100 pa 1. Ndiye kuphatikiza mphamvu n'chimodzimodzi kuchulukitsa magawo, kuchotsera mphamvu n'chimodzimodzi kugawa magawo. Masamu omwewa amafotokozanso chifukwa chake timaziziritsa: kusiyana kuja kwa 1.4 kumene kumapereka 10 pa 1 pa kutentha wamba kumapereka kupitirira 30 pa 1 ukatsitsa kufika madigiri 78 pansi pa ziro.

Chitsanzo chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi cha njira ya Sharpless ija pa allylic alcohol yochokera ku glyceraldehyde, imene ili kale ndi dzanja. Popanda tartrate, substrate payokha inkasankha pang'ono chabe, 2.3 pa 1. Ataikamo tartrate wa dzanja logwirizana nayo, zinafika 90 pa 1. Ataikamo wa dzanja linalo, zinatembenukira mbali ina, 22 pa 1. Mukayesa masamu muona kuti reagent ya mphamvu ya pakati pa 40 ndi 50 ndi imene ingabereke manambala onse awiriwa. Apa m'pamene pagona phunziro lalikulu la Masamune, limene amalitcha reagent control: reagent ikakhala yamphamvu zedi, ngakhale pa awiri okanirana imapambanabe mokwanira, ndipo wopanga mankhwala amatha kusankha mbali iliyonse imene akufuna pongosintha dzanja la reagent. Ndi njira imeneyi magulu a Masamune ndi Sharpless anapanga mu 1983 mitundu yonse isanu ndi itatu ya shuga wa makaboni asanu ndi limodzi wa dzanja la L, ndiko kuti zithunzi za mu kalilole za glucose ndi abale ake. Shuga wotere ali ndi makaboni anayi a dzanja, choncho pali mitundu 16, ndipo kupanga uliwonse mwadala, osati mwangozi, chinali chinthu chachikulu. Sharpless analandira mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi William Knowles ndi Ryoji Noyori chifukwa cha ntchito za mtundu umenewu. Vuto langa linali lakuti reagent ya 20 ndi yabwino pamaso pa substrate yofatsa ya 2, koma pamaso pa substrate yamakani ya 6 imatsala yopanda mano.

Mayi atapezako bwino ndinabwerera kusukulu, ndipo tsiku loyamba ndinakonza ma flask atatu ang'onoang'ono nthawi imodzi, lililonse la mamiligalamu ochepa a aldehyde. M'loyamba ndinathira allyl wa boron wopanda dzanja. M'lachiwiri ndinathira reagent imene ndinkagwiritsa ntchito masiku onse aja. M'lachitatu ndinathira reagent yochokera ku pinene wa dzanja linalo. Loyamba linapereka pafupifupi 6 pa 1, kukondera mbali imene sitinkaifuna. Lachiwiri linapereka 3 pa 1 monga mwa masiku onse. Lachitatu linapereka mbali yosafunikayo yoyera bwino, moti nsonga yachiwiri sinkaoneka n'komwe pa pepala. Ntchito imeneyi inanditengera masiku atatu okha, ndipo ndikanaichita pachiyambi ndikanadziwa nthawi yomweyo kuti mbali imene tikuifuna ndi ya awiri okanirana.

Kudziwa chimene chikuchitika sikunathetse vuto palokha, koma kunasintha funso. Tinakhala pansi ndi mayi aja n'kuyala njira zimene zinalipo. Tikanatha kufuna reagent yamphamvu kuposa iyi, kapena kutsitsanso kuzizira kufika madigiri 100 pansi pa ziro. Tikanatha kufooketsa makani a substrate posintha gulu limene linkateteza okosijeni woyandikana naye, popeza gulu laling'ono ngati benzyl ndi gulu lalikulu la silicon sizikhalitsa molekyu mofanana, ndipo nthawi zina zimasintha ngakhale mbali imene molekyu imakonda. Tikanathanso kusintha ndondomeko ya masitepe, kulowetsa allyl kaboni yamakaniyo isanabadwe. Kapenanso kungovomereza 3 pa 1 n'kulekanitsa ma diastereomer pa column ya silica, chubu cholekanitsira mankhwala, n'kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a chinthu chimene ndinachivutikira masitepe asanu ndi awiri. Ine ndinasankha njira ina, yolola kuti madzi anditengere kumene akupita kenako n'kuwoloka. Ndinagwiritsa ntchito awiri ogwirizana, n'kupeza mbali yolakwika koma yoyera, kenako ndinatembenuza kaboni imeneyo ndi njira imene Oyo Mitsunobu anaitulukira mu 1967, imene imachotsa okosijeni mbali iyi n'kulowetsa wina kuchokera kumbuyo. Zinaonjezera masitepe awiri, ndipo triphenylphosphine oxide amene amatsalira pa njira imeneyi anandivutitsa kuchotsa, koma pamapeto pake ndinali ndi dzanja limene tinkalifuna, lochuluka kuposa limene ndinkapeza kale. Sindikunena kuti njira imeneyi ndi yoposa zinazo. Pa molekyu yodzadza kwambiri pafupi ndi kaboniyo njira ya Mitsunobu imakana, ndipo munthu wopanga mankhwala ambiri kufakitale sangakonde zinyalala zimene imasiya.

Pali zinthu zingapo zimene ndikufuna mnzanga amene akuyamba ntchito imeneyi azisunge. Choyamba ndi ma flask atatu aja, ndipo achitike sabata yoyamba, aldehyde kapena substrate ina iliyonse ikadali yambiri. Ngati labotale ili ndi dzanja limodzi lokha la reagent, pemphani linalo msanga, ngakhale kabotolo kakang'ono, chifukwa mtengo wake sungafanane ndi miyezi itatu. Muyeze magawo pa NMR musanayeretse pa column, poti column imatha kukuchotserani diastereomer imodzi inu osadziwa, n'kukupatsani nambala yokongola imene si yoona. Musakhulupirirenso zizindikiro za + ndi − za pa botolo ngati kuti zimasonyeza dzanja mwachindunji. Zizindikiro zimenezi zimangonena kumene chinthucho chimapotolera kuwala, ndipo zimatha kusintha molekyu ikasinthidwa: pinene wa + amabereka diisopinocampheylborane wa −, ndipo ndinaona mnzanga wina akusokonezeka pomwepa. Jambulani molekyu yonse, kapena ipangeni ndi manja. Ophunzira anga kuno amaumba timipira ta dongo n'kutilumikiza ndi ndodo za machesi, ndipo amaona mbali yotsekeka ndi yotseguka ya molekyu bwino kuposa mmene ine ndinkaonera pa pepala.

Lamulo la kuchulukitsa ndi kugawa lija musalitenge ngati sikelo ya pagolosale. Limagwira bwino ngati substrate ndi reagent zikukhala mu transition state mmene zimakhalira chilichonse chikakhala pachokha, koma pa awiri okanirana molekyu imatha kupindika mwa njira ina kuti ipeze podzera, ndipo manambala amasiyana ndi amene munawerengera. Nthawi zambiri awiri okanirana amachedwanso kugwirizana, ndipo kuchedwako kumapereka mpata kwa zinthu zina zosafunika, monga dzanja lakale la aldehyde kuyamba kusokonekera. Komabe kuchedwa komweko akatswiri amakugwiritsa ntchito. Ukakhala ndi substrate ya manja onse awiri osakanikirana n'kuthiramo reagent ya dzanja limodzi, dzanja logwirizana limatha msanga pamene lokanirana limatsalira, ndipo ukaimitsa ntchito pakati umalekanitsa awiriwo. Imeneyi ndiyo kinetic resolution, ndipo gulu la Sharpless linaionetsa pa ma allylic alcohol mu 1981.

Ophunzira anga amandifunsa ngati zimenezi zili ndi ntchito kwa munthu wa ku Namwera kapena ku Makanjira, ndipo ndimawayankha ndi LA, mankhwala a malungo amene dziko lino linayamba kuwagwiritsa ntchito monga oyambirira mu 2007. Mu LA muli artemether, wochokera ku artemisinin, amene gulu la Tu Youyou ku China linamupeza m'chomera cha Artemisia annua mu 1972. Artemisinin ali ndi makaboni asanu ndi awiri a dzanja. Wambiri amachokerabe ku chomeracho, koma mu 2013 kampani ya Sanofi inayamba kumupanga ku Garessio, m'dziko la Italy, kuchokera ku artemisinic acid wopangidwa ndi yisiti. Asidi ameneyu amakhala kale ndi manja ake, ndipo sitepe yoyamba ndi yomuonjezera haidirojeni, imene imabereka kaboni ina yatsopano ya dzanja. Mbali imodzi yokha ndi imene imapitirira kukhala artemisinin. Anagwiritsa ntchito catalyst ya ruthenium, yofulumizitsa kusinthaku, yokhala ndi dzanja lake, ndipo inapereka pafupifupi 95 pa 5. Ndikafika pamenepa ndimajambula pa bolodi mabokosi atatu, la reagent yopanda dzanja, la dzanja ili ndi la dzanja ilo, n'kuwapatsa nambala ya bokosi loyamba ndi mphamvu ya reagent kuti awerengere okha mabokosi awiri otsalawo. Chaka chatha mtsikana wina wa Fomu 4 anamaliza msanga, anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga substrate ndi reagent zikakhala zamphamvu zofanana koma zokanirana?" Ndinamupatsa choko kuti abwere kutsogolo, ndipo iye anagawa 6 ndi 6 n'kulemba m'bokosimo 1 pa 1.